Kubanika: Cifukwa Cake Wodwala Sayenera Kudikira Kuti Kuce

Nyengo yozizira ikafika, maka-maka m'miyezi ya June ndi July, zipatala za mu Kafue zilandira anthu ambiri amene dandaulo lawo ndi limodzi, lakuti mpweya sukwanira. Ena anena kuti ali ndi befu, ena ati phuma, ena ati m'cifuwa mwathina, ndipo ena angoti abanika. Ku Zambia Compound, ku Shikoswe, ku Soloboni, ku Nangongwe ngakhale ku Estates, anthu ambiri aika zonsezi pa dzina limodzi lakuti asima. Cotsatira cake ndi kukabwereka inhela kwa aneba, kapena kukagula makapisozi pa kantemba, ndi kudikira kuti aone m'mene kucere.

Apa ndipo pagona ngozi. Befu ndi cizindikiro cabe, monga utsi umene uonetsa kuti pena pake pali moto. Matenda amene abweretsa befu ndi ambiri, ndipo mankhwala a matenda ena sagwira nchito pa ena. Anthu atatu angakhale pa benchi imodzi ku kiliniki, onse ali wefu-wefu. Woyamba mtima wake wafooka, waciwiri ali ndi TB, ndipo wacitatu magazi ake acepa. Inhela yobwereka ija singathandize ngakhale mmodzi wa atatuwa, koma ingowatayitsa masiku amene akanalandira cithandizo coyenera.

MPWEYA UYENDA MOTANI M'THUPI

Mu mpweya umene munthu apuma muli okosijeni, amene ali magawo 21 pa magawo 100 alionse. Mapapo ndiwo alandira okosijeniyo ndi kumulowetsa m'magazi. Magazi amunyamula, ndipo mtima upopa magaziwo kuti afike ku ubongo, ku impso ndi ku ziwalo zonse.

Nkhaniyi ifanana ndi ya feteleza. Kuti thumba licoke ku Nitrogen Chemicals lifike kwa mlimi, pafunika fakitale, pafunika lole, pafunikanso injini yoyendetsa loleyo. Mapapo ndiwo fakitale, magazi ndiwo lole, mtima ndiwo injini. Cimodzi mwa zitatuzi cikalephera, mlimi salandira kanthu. Ubongo ukaona kuti okosijeni wacepa, kapena kuti mpweya woipa waculuka m'magazi, ulamula munthu kuti apume mofulumira ndi mwamphamvu. Ndiye befu ameneyo. Motero funso loyamba limene dotolo adzifunsa ndi lakuti: kodi vuto liri m'mapapo, mu mtima, kapena m'magazi?

ZIMENE A M'NYUMBA ANGAPIME OKHA

Pali zinthu zinai zimene banja lingapime popanda makina. Coyamba ndi kuwerenga kapumidwe. Wodwala akhale pansi apumule, ndipo wina ayang'ane cifuwa cake kwa mphindi imodzi yathunthu pa wochi kapena pa foni. Cifuwa cikakwera ndi kutsika, ndiko kupuma kamodzi. Munthu wamkulu amene ali bwino apuma nthawi 12 kufika 20 pa mphindi. Akapitirira 24 atakhala cete, ayenera kuonedwa ku cipatala tsiku lomwelo. Akafika 30, ulendo uyambike nthawi yomweyo, kaya ndi usana kaya ndi pakati pa usiku.

Ana apuma mofulumira kuposa akulu, cotero malire ao ndi ena. Khanda losafika miyezi 2 lifulumiza likafika 60 pa mphindi. Mwana wa miyezi 2 kufika 11 malire ake ndi 50, ndipo wa caka cimodzi kufika zaka 5 malire ake ndi 40.

Caciwiri ndi kalankhulidwe. Munthu amene adula mau pakati kuti akoke mpweya, wosatha kumaliza ciganizo cimodzi, ali pa ngozi. Cacitatu ndi kagonedwe. Kodi atha kugona cagada, kapena aonjezera mapilo, mwina mpaka kugona cokhala pa mpando? Cacinai ndi kuyerekeza lero ndi mwezi watha. Mai amene anali kupita ku maliketi ndi kubwerera ali ndi mtolo pamutu, koma tsopano aima kawiri asanafike pa mpopi wa madzi, thupi lake lasintha, ngakhale anene kuti ndi ukalamba cabe.

Kupatula izi, pali zizindikiro zimene sizifuna kukambirana. Milomo, lilime kapena zikhadabo zikatuwa kapena kuda, wodwala akasokonezeka mutu kapena kuodzera mosadzutsika bwino, akamva kupweteka kothina pakati pa cifuwa, akatsokomola magazi kapena thovu, akacita thukuta lozizira, kapena nkhope ndi lilime zikatupa pambuyo polumidwa ndi njuci kapena kumwa mankhwala, munthuyo anyamulidwe msanga. Wodwala amene anali kupuma mwaphokoso ndipo mwadzidzidzi wakhala cete ndi kufooka, nthawi zina sanapeze bwino ai, koma watopa.

CIBAYO NDI TB

Cibayo, cimene ena acichula kuti kalaso, cibwera m'masiku owerengeka. Thupi litentha, munthu atsokomola, ndipo m'nthiti mubaya akakoka mpweya. Tizilombo tidzaza timatumba ta m'mapapo ndi mafinya, cotero okosijeni asowa polowera. Kwa okalamba thupi nthawi zina silitentha. Agogo angoyamba kulankhula zosamveka ndi kukana nsima, ndipo a m'nyumba aganiza zina. Cibayo cicira ndi mankhwala monga amoxicillin, kapena jekeseni ngati cakula, koma mankhwalawo ayenera kumwedwa mpaka kutha. Makapisozi awiri kapena atatu a pa kantemba angophunzitsa tizilombo kupirira mankhwala.

Anthu a mu Kafue akumbukira bwino caka ca 2020. Matenda a Covid-19 anapezeka koyamba m'Zambia pa 18 March, ndipo pa 15 April boma linatseka tauni ya Kafue kuti anthu apimidwe. M'miyezi ya June ndi July 2021 matendawa anakula kwambiri ndipo okosijeni anavuta kupeza m'zipatala zambiri za m'dziko. Nthawi imeneyo inaphunzitsa cinthu cimodzi cimene cikali cofunika: munthu angakhale ndi okosijeni wocepa kwambiri m'magazi koma iye ali kuyenda ndi kuceza. Maso okha sakwanira, pafunika kupima.

TB ibwera pang'ono-pang'ono, m'masabata kapena miyezi. Zizindikiro zake ndi cifuwa ca masabata 2 kapena kupitirira, thukuta la usiku, kutentha thupi madzulo ndi kuonda. Nthawi zina TB idzaza madzi m'mbali mwa papo, kapena m'thumba limene likuta mtima, ndipo befu akhala cizindikiro cacikulu. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2013 ndi 2014 anapeza kuti pa akulu 100,000 alionse m'Zambia, 638 anali ndi TB yotsimikizika ya m'mapapo. Makhololo apimidwa ndi makina a GeneXpert, ndipo mankhwala a miyezi 6 aperekedwa kwaulere m'zipatala za boma. Amene alekera panjira cifukwa camva bwino, matendawa amubwerera ali olimba kuposa kale. Onse ogona nyumba imodzi ndi wodwala ayenera kupimidwa, maka-maka ana ang'ono.

Kafukufuku wa ZAMPHIA wa mu 2021 anaonetsa kuti akulu 11 pa 100 alionse m'dziko muno ali ndi HIV. Kwa munthu wa HIV cifuwa ciriconse cifunika kupimidwa, ngakhale ca masiku ocepa. Palinso mtundu wina wa cibayo umene ugwira anthu amene citetezo cao catsika: cifuwa couma, ndi befu amene akula sabata ndi sabata mpaka munthu alephera kusamba yekha. Mapiritsi a Septrin acinjiriza ku cibayo cimeneci, pamodzi ndi kumwa ma ARV mosadumphitsa. Ndico cifukwa cake dotolo apempha kupima HIV kwa wodwala wa befu. Sikuti amunyoza kapena kumuganizira zoipa.

ASIMA YENI-YENI

Asima iripo ndithu, koma iri ndi khalidwe lake. Ibwera ndi kupita. M'cifuwa mulira ngati mluzu, kawiri-kawiri usiku kapena m'mamawa, ndipo pakati pa nthawi zimenezo munthu akhala bwino. Nthawi zambiri iyamba pa ubwana ndipo ipezeka mwa acibale ena. Zimene ziidzutsa ndi mphepo yozizira, cimfine, fumbi la m'miyezi ya August kufika October, utsi wa zinyalala ndi wa chire, mphemvu, ubweya wa mphaka ndi mankhwala onunkhira opopera m'nyumba.

Mainhela ali a mitundu iwiri. Ya salbutamol, imene ambiri aidziwa ndi dzina lakuti Ventolin, itsegula njira za mpweya m'mphindi zocepa koma sicotsa kutupa kwa m'kati. Ina, monga ya beclomethasone, ipopedwa tsiku ndi tsiku kuti icotse kutupako, ngakhale pamene munthu amva bwino. Wodwala amene afuna Ventolin kupitirira kawiri pa sabata, kapena amene adzuka usiku ndi befu, asima yake sinagonje, ndipo ayenera kubwerera ku kiliniki.

Mphekesera yakuti inhela izolowereka ngati fodya, kapena kuti ndi ya anthu otsala pang'ono kufa, ndi yabodza. Mankhwala a mu inhela apita molunjika ku mapapo, cotero mlingo wake ndi wocepa kuposa wa mapiritsi. Vuto la ambiri ndi kapopedwe, pakuti mankhwala athera pa lilime. Botolo la pulasitiki la mamililita 500 lithandiza. Aboola kunsi kwake kuti inhela ilowe mothina, wodwala aika kukamwa kwa botolo pakamwa pake, apopa kamodzi ndi kupuma kanai kapena kasanu. Madotolo a ku Cape Town anaonetsa mu 1999 kuti botolo lotere ligwira nchito mofanana ndi cipangizo cogula.

Koma munthu wa zaka 50 kapena 60 amene sanadwalepo asima, akayamba kulira m'cifuwa usiku, asathamangire kunena kuti ndi asima. Kawiri-kawiri pamenepo mlandu uli ku mtima.

UTSI NDI FUMBI

Mapapo sawonongeka tsiku limodzi. Munthu amene wakoka fodya zaka zambiri ayamba ndi kutsokomola makhololo m'mawa ulionse, kenaka befu pokwera citunda, potsiriza befu ngakhale povala nsapato. Zomwezo zicitikira amai amene aphikira pa nkhuni m'kakhichini kopanda windo kwa zaka makumi. Mapapo oonongeka motere sabwerera mwakale, koma kuleka fodya kucepetsa kuonongekako pa msinkhu ulionse.

Cilala ca 2024 cinacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri, ndipo mabanja oculuka anabwerera ku mbaula. Malasha oyaka m'cipinda cotseka atulutsa mpweya wa poizoni umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amva mutu, cizungulire ndi kufooka, ndipo akagona angathe osadzukanso. Mbaula iyakire panja, ndipo isagone m'cipinda ngakhale kuzizire motani. Jenereta nayonso malo ake ndi panja.

Kafue ndi tauni ya mafakitale kuyambira pamene fakitale ya feteleza inatsegulidwa mu 1970, ndipo muno mukhala anthu ambiri amene anagwirapo nchito za thonje, za simenti, zophwanya miyala, kapena za m'migodi ku Copperbelt. Fumbi la miyala likhoza kuumitsa mapapo patapita zaka zambiri munthu ataleka nchito, ndipo mapapo otero agwidwa TB mosavuta. Wodwala auze dotolo nchito zonse zimene anagwirapo. Amene anali m'migodi apimidwa mapapo ku Occupational Health and Safety Institute ku Kitwe.

MTIMA UKAFOOKA

Mtima ukalephera kupopa bwino, madzi abwerera ndi kudzaza m'mapapo. Befu wa mtima adziwika ndi zinthu zitatu. Munthu sangagone cagada. Adzidzimuka pakati pa usiku ngati wina wamukanyanga pakhosi, ndipo athamangira pa windo kufuna mphepo. Mapazi ndi miyendo yonse iwiri itupa, kotero kuti ukasindikiza ndi cala pasala dzenje.

Cimene cifooketsa mitima ya akulu ambiri ndi BP. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti pafupi-fupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse m'Zambia ali ndi BP yokwera. BP ikhoza kukhala pamwamba pa 140 ndi 90 kwa zaka zambiri popanda kupweteka kulikonse, pamene mtima uli kukula ndi kutopa. Mankhwala a BP samwedwa pa tsiku lokha limene mutu wawawa. Amwedwa masiku onse.

Acinyamata naonso adwala mtima. Zilonda za pakhosi zimene sizinaciritsidwe pa ubwana zikhoza kuononga zitseko za m'kati mwa mtima, ndipo befu aonekera pa zaka 15 kapena 25, mwina pa mimba yoyamba. Odwala otere alandira jekeseni ya penicillin mwezi ndi mwezi kuti mtima usapitirire kuonongeka. Palinso kufooka kwa mtima kumene kugwira mai m'mwezi wotsiriza wa pakati kapena m'miyezi yoyamba atabereka. Mai wa khanda amene abanika pogona ndipo miyendo yatupa, apongozi ndi amuna ake asanene kuti ndi ulesi kapena kutopa kwa ucembere. Apite naye ku cipatala.

Befu wobwera mwadzidzidzi, pamodzi ndi kubaya m'cifuwa ndi kutupa kwa mwendo umodzi, angatanthauze kuti magazi aundana mu mtsempha ndipo cibuluma cake cafika ku mapapo. Izi zigwera amene agona pa bedi nthawi yaitali, amene acitidwa opaleshoni, amai amene angobereka kumene, ndi madalaivala a malole amene akhala pa mpando maola ambiri.

Wodwala mtima apatsidwa mapiritsi ocotsa madzi, monga furosemide amene ambiri ati Lasix, pamodzi ndi ena olimbitsa mtima. Ayenera kucepetsa mcere kuti usapitirire kasupuni kamodzi kang'ono pa tsiku, kuwerengera ndi umene uli kale mu nsomba zouma, mu soseji ndi mu soda wa mu delele. Mapiritsi a ululu monga Brufen ndi diclofenac asunga madzi m'thupi, cotero wodwala mtima asamwe popanda kufunsa.

MAGAZI, SHUGA NDI IMPSO

Nthawi zina mapapo ali bwino, mtima uli bwino, koma lole yonyamula okosijeni ndiyo yacepa. Mlingo wa magazi, umene ku cipatala aulemba kuti Hb, suyenera kutsika pansi pa 13 kwa mwamuna ndi 12 kwa mkazi amene alibe pakati. Ukatsika kwambiri munthu atopa msanga, mtima ugunda mofulumira, amva cizungulire, ndipo zikhato, lilime ndi m'kati mwa zikope muyera.

Magazi acepa cifukwa ca malungo, njoka za m'mimba, kutaya magazi ambiri pa mwezi, kubereka pafupi-pafupi, zilonda za m'mimba zimene zidetsa cimbudzi ngati phula, matenda a sickle cell ndi kusowa zakudya zoyenera. Kwa asodzi ndi ena amene akhala m'madzi a mtsinje wa Kafue, monga ca ku Chanyanya, likodzo nalonso limwa magazi pang'ono-pang'ono. Zakumwa zofiira za m'botolo sizionjezera magazi. Zimene zithandiza ndi ciwindi, kapenta, nyemba, bondwe, cibwabwa ndi kalembula, pamodzi ndi mapiritsi a magazi kwa miyezi 3. Koma cacikulu ndi kupeza pamene magaziwo atayikira, pakuti kuthira madzi mu ndowa yobooka ndi nchito yosatha.

Munthu wa shuga amene ayamba kupuma mozama ndi mofulumira, ali ndi ludzu losatha, akodza kawiri-kawiri, asanza ndi kumva m'mimba, vuto lake siliri m'cifuwa. Shuga yakwera kwambiri ndipo magazi asasa. Afunika madzi a dripu ndi insulin tsiku lomwelo. Impso zikalephera, madzi ndi zoipa zitsalira m'thupi, nkhope itupa m'mawa, mkodzo ucepa, ndipo befu abwera.

Mantha ndi nkhawa nazonso zibanikitsa. Munthu apuma mofulumira, zala zicita dzanzi, ndipo aganiza kuti afa. Zimenezi ndi zoona ndipo ziri ndi cithandizo cake. Koma ndi dotolo yekha, atapima, amene anganene kuti ndi nkhawa. A m'nyumba asagamule okha.

ZIMENE ZICITIKA KU CIPATALA

Wodwala wobanika sayenera kuima pa mzere. Womuperekeza auze anamwino pakhomo pomwe kuti munthu uyu alephera kupuma. Anamwino awerenga kapumidwe, apima BP, kugunda kwa mtima ndi kutentha kwa thupi, ndiponso apana cala ndi kacipangizo kochedwa pulse oximeter, kamene kaonetsa okosijeni wa m'magazi. Munthu wabwino akhala pa 95 kapena kupitirira. Akatsika pansi pa 90 aikidwa pa okosijeni mafunso ena asanayambe.

Pano pali mantha amene ataitsa miyoyo. Acibale ena akana okosijeni ponena kuti amene aikidwa pa okosijeni sabwerako. Coona ndi cakuti okosijeni apatsidwa kwa odwala kwambiri, ndipo ena a iwo afika mocedwa. Cimene ciwapha ndi matenda ndi kucedwako. Okosijeni ndi yemweyo amene ali mu mphepo, koma woculuka, ndipo nchito yake ndi kusunga ubongo ndi mtima pamene mankhwala ali kugwira nchito. Wacibale amene acotsa kapaipi pamphuno pa wodwala anamwino atatuluka, amulanda mpweya.

Pambuyo pake abwera mafunso, ndipo mayankho ake ndi theka la kupima. Befu anayamba liti, ndipo anabwera mwadzidzidzi kapena pang'ono-pang'ono? Akula pogona kapena poyenda? Pali cifuwa, ndipo makhololo ndi a mtundu wanji? Pali amene adwala TB panyumba? Wodwala amwa mankhwala anji, ndipo analeka liti? Akoka fodya, amwa mowa? Mai ali ndi pakati, kapena wabereka posacedwa? Akale anati safunsa anadya phula, koma ku cipatala wobisa yankho ndiye adya phula. Amene analeka ma ARV kapena mankhwala a BP anene poyera, ndipo amene anamwa mankhwala a cikuda anenenso, cifukwa ena a iwo avulaza impso ndi ciwindi.

Dotolo ayang'ana m'maso ndi m'zikhato, aona mitsempha ya m'khosi, amvetsera m'cifuwa kutsogolo ndi kumbuyo, agogoda nthiti ndi kusindikiza miyendo. Malinga ndi zimene wapeza, atumiza wodwala kukapimitsa Hb, malungo, shuga, HIV, makhololo kapena kukajambulitsa X-ray. Ngati m'mbali mwa papo muli madzi, awakoka ndi nsingano kuti apimidwe ndiponso kuti papo litambasuke. Kiliniki ikaona kuti matenda aikulira, itumiza wodwala ku Kafue General Hospital, ndipo ofuna akatswiri a mtima, a impso kapena makina othandiza kupuma apitirira ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupi-fupi 45, ku zipatala monga UTH. Kalata yotumizira wodwala kwina sitanthauza kuti amutaya.

Ponyamuka panyumba, banja litenge makhadi onse a ku cipatala, khadi ya NHIMA ngati iripo, ndi mapaketi a mankhwala onse amene wodwala amwa, ngakhale otha. Womuperekeza akhale munthu amene agona naye nyumba imodzi ndipo adziwa m'mene matenda anayambira.

POYEMBEKEZA GALIMOTO

Wodwala akhale tsonga, atatsamira pang'ono kutsogolo, manja ali pa tebulo kapena pa maondo. Asamukakamize kugona. Mawindo atsegulidwe, mbaula ituluke, zovala zothina zimasulidwe, ndipo anthu asamuunjirire. Munthu mmodzi akhale naye pafupi ndi kumulankhula modekha. Asamumwetse madzi kapena phala mokakamiza, pakuti zikhoza kulowa m'mapapo. Asamupatse mowa kapena mapiritsi ogonetsa. Kumufunditsa bulangeti pa poto wa madzi otentha ndi masamba a bulugamu, monga ambiri anacitira m'nthawi ya Covid-19, kumucepetsera mpweya ndipo ena apsa nako.

Ngati wodwalayo adziwika kale kuti ndi wa asima, apope Ventolin yake kanai kufika nthawi 10, kamodzi-kamodzi kupyolera mu botolo lija, ndi kubwereza pakapita mphindi 20 ali pa ulendo. M'galimoto akhalenso tsonga. A mpingo amene abwera kudzapemphera angapemphere naye m'njira ndi ku wodi, pakuti pemphero ndi cipatala sizilimbana.

Mabanja ambiri acedwa cifukwa ca ndalama ya takisi ndi mdima. Nyumba imene muli wodwala asima, mtima, shuga kapena TB icite bwino kugwirizana pasadakhale ndi mneba wa galimoto, kusunga nambala yake, ndi kupatula kandalama ka ulendo wa usiku, ngakhale kocokera ku cilimba. Inhela isathe m'nyumba, ndipo tsiku lokatenga mankhwala lisadumphidwe. Ana alandire katemera yense, kuphatikizapo wa cibayo amene anayamba kuperekedwa m'Zambia mu 2013, ndipo wamkulu aliyense apimitse BP kamodzi pa caka ngakhale samva kupweteka.

Matenda ambiri amene achulidwa pano ali ndi mankhwala, ndipo oculuka a mankhwalawo apezeka mu Kafue momwe muno. Cibayo copezeka msanga kawiri-kawiri cicira ndi mapiritsi, pamene cocedwa naco cikhoza kufuna bedi, jekeseni ndi okosijeni. Munthu angapirire njala masiku angapo, koma ubongo ukasowa okosijeni uyamba kuonongeka m'mphindi zocepa. Wa m'nyumba akawerenga kapumidwe ndi kupeza 30, nkhani yodikira kuti kuce yatha pomwepo.